KUNOLA NDI KUIKA MIPENI YA MAKINA OPALIRA MATABWA

Omvera a ku migodi ndi a m'matauni, nkhani ya lero icokera kwao kwa ambiri a inu, ku maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi m'Cigawo ca Kum'mawa. Munthu wotsika basi pa mseu wa Great East Road, pa Sinda kapena pa Katete, kawirikawiri amva kulira kwa makina a akalipentala asanaone n'komwe pamene pali makinawo. Mmisiri wozolowera akaima cete ndi kuchera khutu akhoza kunena ali patali ngati mipeni ya makinawo iri yakuthwa kapena yobuntha, pakuti yakuthwa ilira mosalala, koma yobuntha ikuwa ndi kugogoda monga ngati ikangana ndi thabwa.

Nchito ya matabwa inakula m'madera amenewa pa zifukwa zodziwika. M'caka ca 2012 Sinda ndi Vubwi anasanduka maboma paokha, Sinda kucokera ku Katete ndi Petauke, Vubwi kucokera ku Chadiza, ndipo pamene pamangidwa maofesi ndi nyumba pafunika zitseko, mafelemu ndi matebulo. Tsono m'caka ca 2022 Boma la Zambia linacotsa malipiro a sukulu, ana nadzaza m'makalasi, ndipo ndalama za CDF zopita ku dera liri lonse la phungu zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Ndalama zina mwa izo zinagula madesiki, ndipo Boma linafuna kuti madesikiwo apangidwe ndi amisiri a komweko. Munthu wopala ndi puleni ya manja sangathe madesiki 200 pa nthawi imene anapangana. Cifukwa cace ambiri anafunafuna makina amene amisiri awachula thikinesa, ndipo ena a makinawo agulidwa ndi ndalama za munthu wa ku mgodi amene wapuma nchito, kapena amene afuna kuimika mng'ono wace kumudzi. Wogulayo aganiza za mota ndi za magetsi. Za mipeni aziganizira pambuyo pace, thabwa litayamba kuturuka loipa.

Nchito ya makinawa ndi imodzi: kupala thabwa kuti likhale ndi ucindikiro umodzi kuyambira kuno kufikira uko. Thabwa ligona pa tebulo lacitsulo limene likwera ndi kutsika. Rola ya mano iligwira ndi kulikankhira m'kati, ndipo pamwamba pace pazungulira mutu wacitsulo wonga mpukutu, umene uli ndi mipeni iwiri, itatu kapena inai yolowetsedwa m'ngalande zace. Kutsogolo kuli rola ina yosalala yoturutsa thabwa. Nzeru iyi si ya dzulo iai. William Woodworth wa ku America analembetsa makina otere, a mipeni yozungulira ndi marola okoka thabwa, m'caka ca 1828, ndipo makina akale a Wadkin, a ku Leicester m'dziko la England, amene akali kugwira nchito m'maiko ambiri, atsata maganizo omwewo.

Kuti munthu amvetse cifukwa cace mipeni ifuna kusamala kotere, ayenera kuwerenga pang'ono. Pakhale mutu wa mipeni itatu, wa mamilimita 100 kupingasa kwace, wozungulira nthawi 5,000 pa mphindi imodzi. Kukamwa kwa mpeni kuthamanga pamenepo makilomita 94 pa ola, ndilo liwiro la basi yaikuru pa mseu wa ku Lusaka. Pa mphindi imodzi mipeni itatuyo itema nthawi 15,000, ndipo ngati thabwa liyenda mamita 8 pa mphindi, kutema kuli konse kutenga theka la milimita cabe. Mizere yotere iri yopyapyala kotero kuti diso siliiona. Koma mpeni umodzi ukaturuka kuposa inzace, ngakhale ndi ucindikiro wa pepala limodzi, ndiwo wokha usiya cizindikiro cace pa thabwa. Mizere itanuka kufika milimita 1.6, thabwa lioneka la mafunde, ndipo mpeni umodziwo usenza nchito yambiri ya itatu, nubuntha msanga, pamene inzace ingozungulira. Mwini wace analipira mipeni itatu, koma agwiritsa umodzi.

Zimene zibunthitsa mipeni kum'mawa kuno ndi zodziwika kwa yense wakhala pa nchitoyi. Matabwa ambiri a mlombwa ndi a mbawa acekedwa kuthengo, aunjikidwa pansi, nabwera pa ngolo kapena pa lole ali ndi mcenga m'mbali mwao. Mcengawo ndi mdani woposa kulimba kwa mtengo, pakuti uli ngati mwala wonolera umene unola cammbuyo. Burashi ya waya ndi mphindi ziwiri zosesa thabwa zisunga mipeni masiku ambiri. Muwanga ndi wolimba ndipo udya kukamwa kwa mpeni msanga. Mbawa iri ndi mitsempha yopingasana, ndipo mpeni wobuntha suidula koma uizula, nusiya maenje amene sandipepa sangawathe. Paini wocokera ku minda ya ZAFFICO ku Copperbelt ndi wofewa, koma utomoni wace umatirira pa mpeni ndi pa marola. Coipitsitsa ndi thabwa lakale locotsedwa pa denga, limene libisa msomali wothyoka. Msomali umodzi ubenthula mipeni yonse itatu pa malo amodzi, ndipo kuyambira pamenepo thabwa liri lonse lituruka ndi kamzere kotukuka kuyambira kumutu kufikira kumapeto.

Pa bvuto la kamzereko pali nzeru imene amisiri ambiri aidziwa mocedwa. Ngati kubenthukako kuli kocepa, ndipo ngalande iri ndi mpata, mmisiri amasula mpeni umodzi ndi kuusendeza cammbali mamilimita awiri kapena atatu. Tsono mabala a mipeni salinso pa mzere umodzi, ndipo cimene wasiya mpeni woyamba aciseta waciwiri. Nchito ya tsikulo ipitirira osadikira kunola.

Zizindikiro za mipeni yobuntha siziri zobisika. Phokoso likula, thabwa likana kulowa kufikira munthu alikankha, nkhope yace ituruka yonyezimira koma yaubweya kapena yopserera, ndipo zopalidwa zisanduka pfumbi m'malo mwa timapepala topiringizika. Mota nayo itentha. Apa ndipo pali kutaya kwakukuru, pakuti mota yopsa idya ndalama zoposa kutali za kunola, ndipo amene ayendetsa makina ndi jenereta amva yekha injini ikulemedwa ndi mafuta akutha msanga.

Munthu asanakhudze bawuti iri yonse ayenera kucotsa magetsi kweni kweni, osati kungozimitsa swichi ya pa makina. Omvera a ku migodi adziwa lamulo la kuika loko pa swichi yaikuru ndi kusunga kiyi m'thumba pokonza makina, ndipo lamulo lomwelo liyenera m'kanyumba ka malata ka pa Katete. M'caka ca 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ZESCO inali kuzimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, ndipo nthawi ya mdima inaoneka ngati nthawi yabwino yosinthira mipeni. M'menemo ndimo muli msampha. Makina amene anaima cifukwa magetsi anapita, swichi yace ikali yoyatsa, akhoza kudzuka okha magetsi pobwera, dzanja liri m'kati. Makina abwino ali ndi swichi imene idzizimitsa yokha magetsi akapita, koma ambiri akale, ndi ena amene analumikizidwa mwacidule, alibe. Pulagi izulidwe, kapena fyuzi icotsedwe, ndipo wogwira nchitoyo ndiye aisunge.

Si mipeni yonse inoledwa. Timakina tating'ono tonyamula, monga Makita 2012NB, tiri ndi mipeni yopyapyala yakuthwa konse konse, imene ikabuntha itembenuzidwa, ndipo mbali yaciwiri ikatha itayidwa. Wonola mipeni yotere aicepetsa, ndipo siifikanso pa malo ace. Palinso mitu yatsopano ya timano tambiri ta kabaidi, citsulo colimba cimene kampani ya Krupp ya ku Germany inayamba kugulitsa m'zaka za m'ma 1920. Kadzino kamodzi kakabenthuka kangotembenuzidwa, pakuti kali ndi mbali zinai. Koma makina akuru ambiri ali ndi mipeni yaitali ya citsulo cochedwa HSS, yocindikira mamilimita 3, ndipo imeneyi ndiyo inoledwa kambirimbiri.

Cizolowezi cimene caononga mipeni yambiri ndi kuinola pa galainda ya m'manja, imene owocherera zitsulo aduliranso mapaipi. Dzanja la munthu silingayendetse mwala woongoka pa utali wa theka la mita, ndipo mpeni uturuka ndi cigwa pakati kapena kumapeto. Mwalawo utenthanso kukamwa kufikira kucita buluu, ndipo wonolayo poona kutentha aubviika m'madzi. Citsulo ca HSS cikapsa ndi kuzizidwa mwadzidzidzi cicita timing'alu tosaoneka, timene tidzabenthuka pa thabwa loyamba lolimba. Mpeni wotere uoneka wakuthwa m'mawa, koma pofika masana wayamba kale kusiya mizere.

Kunola koyenera kucitika pa makina amene agwira mpeni molimba ndi kuuyendetsa moongoka pa mwala, madzi akuthira kosalekeza, ndi kudya pang'ono pang'ono. Makina otere apezeka kwa onola masowo m'mizinda yaikuru. Kucokera ku Katete kufika ku Chipata ndi ulendo wa makilomita pafupi 90, ndipo ku Lusaka pafupi 500. Wa ku Vubwi, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, ulendo wace ndi wobvuta koposa. Cifukwa cace mmisiri wanzeru asunga magulu awiri a mipeni: gulu limodzi liri pa makina, lina liri pa basi kapena kwa wonola. Amene ali ndi gulu limodzi lokha atseka nchito sabata yathunthu, kapena, monga acita ambiri, apitiriza ndi mipeni yobuntha kufikira mota itapsa.

Mipeni ya gulu limodzi inoledwa pamodzi, ngakhale wobenthuka uli umodzi wokha, kuti yonse itsale yolingana m'lifupi ndi kulemera. Ena ayesa kumeneku ndi kutaya citsulo cabe, koma cifukwa cace ndi ici. Pa mutu uja wa mamilimita 100 wozungulira nthawi 5,000, giramu imodzi yoposa mbali imodzi ikoka ngati makilogiramu 1.4. Mpeni wolemera kuposa unzace ndi magiramu 5 ugwedeza mutu ndi mphamvu ya makilogiramu 7, nthawi zoposa 80 pa sekondi iri yonse. Mabering'i sakhalitsa pamenepo, ndipo thabwa lilandira kunjenjemera konseko. Sikelo yaing'ono ya magiramu ikwanira kuyesa mipeni isanaikidwe. Kupendama kwa kukamwa nako kusungidwe monga anaikira opanga, ndiko pakati pa madigiri 35 ndi 40 pa mipeni yambiri. Kukamwa kopyapyala kuposa apo kudula bwino malaina koma kubenthuka pa muwanga.

Pakati pa ulendo umodzi wa kwa wonola ndi wina, mmisiri akhoza kutsitsimutsa mipeni yekha ngati siinabenthuke. Atenga mtengo wolimba woongoka, naceka m'menemo ngalande ziwiri zopendama, mmene mipeni iwiri ikhala kotero kuti kukamwa kwa yonse iwiri kuyang'ana kumwamba mofanana. Mwala wa mafuta, kapena galasi locindikira lomatidwa sandipepa wa m'madzi, liyenda pamwamba pa yonse iwiri nthawi imodzi, ndipo mpeni wina ucirikiza mwala kuti usapendame pa unzace. Ngati mipeni iri itatu aisinthanitsa awiri awiri, kuti uli wonse ulandire kukhula kofanana. Asanayambe apaka inki pa kukamwa konse. Inki ikacoka monsemo, mwala wafika ponse. Ayamba ndi pepala la 220, natsiriza ndi la 600 kapena losalala koposa. Kumbuyo kwa mpeni kudzamveka kamlomo kopyapyala, ndipo kacotsedwa pogoneka mbali yosalala pa mwala ndi kukhula kawiri katatu, osautukula konse. Pomariza aimika mpeni pa galasi ndi kuyang'ana ku dzuwa. Kuwala kukapyola pansi pace, mpeniwo suli woongoka, ndipo wayenera ulendo wa kwa wonola.

Mpeni uli ndi malire ace. Kunola kuli konse kuucepetsa, ndipo ifika nthawi pamene citsulo copanira sicigwiranso mbali yokwanira. Opanga ambiri aika mzere kapena cipimo ca malirewo. Mpeni wa theka la mita ulemera magiramu oposa 300, ndipo pa liwiro lija ukokedwa kunja ndi mphamvu ya makilogiramu 400 kapena 500. Cimene ciugwira ndi citsulo copanira ndi mabawuti ace basi. Mpeni wotha uyenera kupuma. Amisiri ena audula nausandutsa timipeni tosemera.

Tsono kuika. Nchito iyi ifuna munthu wosafulumira, monga akuru ananena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpeni ugwidwa ndi nsaru, pakuti ngakhale wobuntha udula cala. Ngalande, citsulo copanira ndi mabawuti zitsukidwa ndi parafini kufikira utomoni ndi utuci zitatha, ndipo zipukutidwa ziume, cifukwa kanthu kakang'ono kotsalira pansi katukula mpeni kapena kaulepheretsa kugwidwa bwino. Masipiring'i a pansi pa mpeni, kapena timabawuti toukweza, aonedwe ngati onse alipo. Bawuti yophwanyika mutu kapena yotha mazinga isinthidwe, osati kukakamizidwa. Mbali yosalala ya mpeni ndiyo iyang'ana kumene mutu uzungulirira, ndipo yopendama itsalira kumbuyo. Pa makina ambiri mabawuti a citsulo copanira amanga pamene aturuka ndi kukankha khoma la ngalande, cotero mlendo pa nchitoyi akhoza kumanga poyesa kuti amasula. Ndi bwino kusintha mpeni umodzi umodzi, osati kucotsa yonse pamodzi.

Makina atsopano abwera ndi kacitsulo kopimira, kamene kakhala pa mutu ndi kukankha mpeni kufikira utaturuka muyeso wace, ndiwo milimita imodzi kapena kuposa pang'ono. Makina ogula kwa wina kawirikawiri afika kacitsuloko katasowa kale. Pamenepo mmisiri atenga kacidutswa ka mtengo wolimba, kosalala bwino pansi ndi pamwamba, nakaika pa tebulo pansi pa mutu. Asanacotse mipeni yakale akweza tebulo kufikira mpeni umene unakhala bwino ungokhudza kamtengoko pozunguza mutu ndi dzanja pa lamba, ndipo kuyambira pamenepo tebulo silikhudzidwanso. Mpeni watsopano uli wonse ukwezedwa kapena kutsitsidwa kufikira upsopsona kamtengoko mofanana kumanzere, pakati ndi kumanja. Khutu lithandiza diso: kumveke kukwecha kopepuka, kofanana ponse. Ubwino wa njira iyi ndi wakuti mipeni ilingana ndi tebulo lenilenilo limene thabwa lidzayendapo. Amene ali ndi geji ya wochi apima bwino koposa, ndipo afuna kuti mipeni isasiyane kuposa theka la ucindikiro wa pepala.

Kumanga mabawuti kuyambira pakati kunka kumapeto, wina uku wina uko, poyamba mopepuka kuti mpeni ungogwidwa. Mipeni yonse ikafika pamenepo, apimanso, cifukwa mpeni ukonda kukwera pamene umangidwa. Kenaka amanga kaciwiri, ndi kacitatu molimba, ndi sipanala ya muyeso wace ndi mphamvu ya dzanja lokha. Kuonjeza paipi pa sipanala kuthyola bawuti kapena kupinda citsulo copanira. Woitanidwa pakati pa nchitoyi, kaya ndi wogula kaya ndi foni, pobwera ayambenso kuyesa bawuti yoyamba kufikira yomariza, pakuti sangakumbukire pamene analekeza. Coko colemba pa ngalande yomangidwa cithandiza.

Muyeso wa kuturuka kwa mipeni uli ndi cibale ndi ziwalo zina zonse. Marola ndi citsulo cotsendereza thabwa zinaikidwa molingana ndi pamene mipeni idula. Mipeni ikaturuka kopitirira, thabwa lipalidwa kwambiri kotero kuti rola yoturutsa siligwiranso, ndipo liima m'kati kapena likumbika kumapeto. Ikalowa kopitirira, thabwa lopalidwa ligunda citsulo cotsendereza ndi kukakamira. Amisiri ambiri pamenepo ayamba kupotokola mabawuti a marola, naononga zimene zinali bwino, pamene colakwa cinali pa mipeni yokha.

Zonse zikatha, mutu uzunguzidwa ndi dzanja kuona kuti palibe cogunda, sipanala ndi kamtengo zicotsedwa, ndipo cobvundikira cibwezedwa ndi kumangidwa. Makina ayatsidwa opanda thabwa kwa mphindi imodzi, munthu ataima cammbali, osati kukamwa kwa makina. Kunjenjemera kapena kulira kwacilendo kukamveka azimitsa pomwepo. Ngati zonse ziri bwino azimitsabe, azula pulagi, nayesanso mabawuti. Pambuyo pace atenga timatabwa tiwiri tofanana, nalowetsa kena kumanzere kwa tebulo, kena kumanja, pa muyeso umodzi. Akatigoneka pamodzi pa galasi ndi kuyendetsa cala pamwamba, sayenera kumva cikweza pakati pao. Cikweza cimeneco, cikakhalapo, ndico cidzaoneka pa desiki pamene matabwa awiri alumikizidwa, pomwe pensulo ya mwana idzaboola pepala, ndipo oyang'anira nchito ya sukulu akhoza kukana madesikiwo ndi kuimika malipiro.

Mipeni yocotsedwa ipukutidwa, ipakidwa mafuta pang'ono, nikulungidwa uli wonse paokha m'katoni, ndi kumangidwa pakati pa timatabwa tiwiri kuti kukamwa kusagundane pa mabampu a mu mseu. Pa kathabwa kapamwamba palembedwa dzina la mwini, nambala ya foni, ndi madigiri amene afuna kuti wonola asunge.